Phala ndi Madzi: Zimene Zimakulitsa Mwana wa Kumudzi

Kamodzi pa mwezi, m'midzi yambiri ya dziko lathu lino la Malawi, dzuwa likangoyamba kuumitsa mame, amayi amabereka ana awo kumbuyo, natenga timabuku ta kuchipatala tokulungidwa m'pepala la pulasitiki kuopa mvula, nasonkhana pansi pa mtengo wa mango kapena pakhonde pa tchalitchi, pamene mlangizi wa zaumoyo wamangirira sikelo yake. Mwana aliyense amavekedwa kabudula wa zingwe, napachikidwa pa mbedza, nalira monga mwa chikhalidwe cha ana, ndipo mlangizi ataona pamene muvi waima amalemba kadontho m'kabuku. Timadontho timeneto tikamakwera mwezi ndi mwezi, mayi amabwerera kwawo mtima uli m'malo, koma tikaima pamodzimodzi, kapena tikayamba kutsika, mlangizi amafunsa mafunso awiri otsatizana: "Mwanayu akudya chiyani, mayi?" ndiponso, "Kodi watsegulako m'mimba mwezi uno?"

Mafunso awiriwa ndiwo mutu wathu wonse. Ambiri a ife tidazolowera kuganiza kuti nkhani ya chakudya imathera ku nkhokwe, ndipo nkhani ya madzi imathera ku chitsime, ngati kuti ndi milandu iwiri yoweruzidwa pa mabwalo osiyana. Komatu m'thupi la mwana wamng'ono ziwirizi zimakumana, kotero kuti iye amene afuna kuthetsa imodzi osasamala inzake adzatopa ndithu, osaona phindu la thukuta lake.

Mitundu itatu ya kunyentchera

Azaumoyo akamanena za kunyentchera amatanthauza kuti thupi silikulandira, kapena silikusunga, zakudya zokwanira kulimanga, ndipo vutoli limaoneka m'njira zitatu zimene kholo lililonse liyenera kuzizindikira.

Yoyamba ndiyo kupinimbira, ndiko kuti msinkhu wa mwana suyenderana ndi zaka zake. Imeneyi ndiyo yofala kwambiri, ndiponso yobisika kwambiri, pakuti mwana wopinimbira amasewera, amaseka, amathamangitsa nkhuku monga anzake onse, ndipo pamudzi pamene ana ambiri ali afupiafupi palibe amene amadabwa, anthu amangoti, "Adatengera agogo ake." Kafukufuku wa boma wa m'chaka cha 2010 adapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu, 47 adali opinimbira, pofika 2015 ndi 2016 chiwerengerocho chidatsika kufika pa 37. Kutsika kumeneku nkoyamikika, koma kukutanthauzabe kuti mwa ana atatu alionse, mmodzi ndi kuposerapo sadafike pamene Mlengi adamuikira. Ndipo chimene chimapinimbira si msinkhu wokha, pakuti ubongo nawonso umakula m'miyezi yomweyo ndi zakudya zomwezo, motero mwanayo amadzavutika m'kalasi, nadzakhala wochepa mphamvu pa ntchito atakula.

Yachiwiri ndiyo kuwonda kwadzidzidzi, pamene mnofu umatha, nthiti nkuwerengeka, khungu la m'matako nkukwinyika, nkhope ya khanda nkusanduka ya nkhalamba. Pofuna kuzindikira msanga, alangizi amazunguliza kalamba wa mitundu itatu pakati pa mkono wa mwana wa miyezi 6 kufikira zaka zisanu. Kalambako kakaima pobiriwira, ndiko kuti kupitirira masentimita 12.5, mwana ali bwino. Kakaima pachikasu, ngozi yayandikira. Kakaima pofiira, pansi pa masentimita 11.5, mwanayo afunika chithandizo tsiku lomwelo.

Yachitatu ndiyo kutupikana, ndipo imeneyi ndi yonyenga, popeza mwana amaoneka ngati wanenepa. Mapazi amatupa, kenaka miyendo ndi nkhope; tsitsi limafiira ndi kuthothoka; mwana amakhala wosakondwa, wokana chakudya. Mayeso ake ndi apafupi: dinikizani ndi chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri, muwerenge pang'onopang'ono mpaka katatu, ndipo mukachotsa chala nkutsala kadzenje, dziwani kuti amenewo ndi madzi, si mafuta. Makolo athu, poona kutupa kotere, adali kunena za tsempho kapena mdulo, naitana bambo ndi mayi kuti aulule amene adalumpha mwambo. Sitinyoza akuluakulu amene adafuna kusunga ulemu wa banja ndi malamulo otere. Tingonena kuti masiku amene amatha pofufuza wolakwa ndiwo masiku omwe mwana akadachira nawo kuchipatala.

Masiku 1,000 oyamba

Akale adati m'mera mpoyamba, ndipo pa nkhani ya kakulidwe ka mwana mawuwa ndi oona kotheratu. Nthawi yoopsa koposa imayamba tsiku limene mayi waima, nipitirira kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Kuwerenga pamodzi miyezi 9 ya pakati ndi miyezi 24 ya kunja kuno, amakwana masiku ngati 1,000. Msinkhu ndi nzeru zimene zatayika m'nyengo imeneyi zimavuta kwambiri kuzibweza, ngakhale mwanayo atadzadya zonona masiku ake onse otsatira. Chifukwa chake dziko la Malawi, pamene lidalowa m'gulu la maiko olimbana ndi kunyentchera m'chaka cha 2011, lidaika mtima pa masiku amenewa.

Tsono chisamaliro chimayambira pa mayi woyembekezera, amene ayenera kudya koposa masiku onse, kumwa mankhwala owonjezera magazi amene amalandira kusikelo, kugona m'neti kuopa malungo, ndi kupeputsidwa pa ntchito zolemetsa za mtondo, nkhuni ndi ndowa. Mwana akabadwa ayamwe ola loyamba lisanathe, ndipo mkaka woyamba uja wachikasu, umene ena amaufinyira pansi poyesa kuti ndi woipa, ndiwo umene uli ndi chitetezo chochuluka. Kuyambira pamenepo kufikira miyezi 6 mwana ayamwe mwakathithi, osapatsidwa phala, tiyi, mankhwala azitsamba, ngakhale madzi amene. Apa ndi pamene ambiri amadodoma, nati, "Kodi mwana angakhale bwanji osamwa madzi m'chilimwe cha Okutobala?" Yankho ndi lakuti mkaka wa m'mawere mbali yake yaikulu ndi madzi, ndipo ndi madzi okhawo pamudzi amene sadadutse m'ndowa, m'kapu, kapena m'manja a munthu aliyense.

Kukhuta ndi kudya nzosiyana

Pa miyezi 6 mkaka wokha sukwaniranso, ndipo mwana amayamba phala akupitiriza kuyamwa kufikira zaka ziwiri kapena kupitirira. Pamenepa ndi pamene ana ambiri amayambira kubwerera m'mbuyo, pakuti phala limene timalidziwa ndi la ufa woyera, lamadzimadzi, lothira kamchere kapena kashuga, limene limadzaza kamimba kakang'ono ka mwana koma osasiyamo kanthu komanga thupi. Kafukufuku yemwe uja wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa ana 100 a miyezi 6 kufikira 23, ana 8 okha ndiwo adali kudya mokwanira, poyang'ana mitundu ya zakudya ndi kangati pa tsiku.

Alangizi amaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa monga chimanga, chinangwa, mpunga ndi mbatata; zanyemba monga nyemba, nandolo, khobwe, soya ndi mtedza; zanyama monga nsomba, mazira, mkaka, ngumbi ndi mbewa; ndiwo zamasamba; zipatso; ndi zamafuta. Wina pomva mndandanda umenewu angaganize kuti ndi chakudya cha anthu a ndalama a m'tauni, koma taonani phala ili: ufa wa mgaiwa, umene sudachotsedwe madeya ndi mtima wa chimanga; supuni ya nsinjiro; usipa kapena bonya wokazinga pang'ono, wosinjidwa ndi mitu yake ndi minga yake yomwe mpaka kusanduka ufa; masamba a nkhwani, bonongwe kapena chisoso ophika ndi kupota bwino; ndi kadontho ka mafuta ophikira. Phalalo likhale lolimba kotero kuti mukapendeketsa supuni lisayenderere. Magulu asanu alowa m'mbale imodzi, ndipo kachidutswa ka papaya, mango kapena nthochi kadzakwaniritsa lachisanu ndi chimodzi. Mbatata yofiira mkati, monga ya Zondeni ndi Kadyaubwerere, ili ndi vitamini A amene amateteza maso ndi kulimbitsa thupi pa matenda; ndipo Likuni Phala, limene lidatenga dzina la mishoni ya Likuni pafupi ndi Lilongwe, limapangidwa makamaka ndi chimanga ndi soya, zimene mlimi aliyense angathe kulima.

Chovuta nthawi zambiri sichikhala kusowa kwa zinthuzi, koma njira imene zimatulukira pakhomo. Mtedza wonse umagulitsidwa kwa mavenda m'miyezi yokolola, mazira amapita kumsika kukagula sopo ndi mchere, nthuli yabwino imaikidwa m'mbale ya bambo, ndipo mwana wa chaka chimodzi amapisa m'mbale imodzi ndi akulu ake othamanga manja. Mwana akhale ndi kambale kakekake, kuti mayi aone ndi maso ake chimene chalowa m'kamwa, ndipo adye katatu kapena kanayi pa tsiku, kuwonjezapo tokamwa pakati.

Mmene madzi oipa amabera mwana chakudya

Tiyerekeze tsono kuti mayi wachita zonsezi mokhulupirika, koma madzi amene mwana amamwa, ndi amene amatsukira kambale kake, achokera pa chitsime cha kudambo chimene mvula yakokololeramo zonyansa za kutchire. M'madzi amenewo, ngakhale aoneke oyera, muli tizilombo tosaoneka ndi maso tochokera m'chimbudzi cha anthu ndi ndowe za ziweto. Tikalowa m'matumbo timatupitsa khungu la mkati limene limayamwa chakudya, ndipo mwana amatsegula m'mimba. Phala lija limangodutsa, chilakolako cha chakudya chimatha, ndipo thupi limayamba kudya mnofu wake womwe. Mwana wofooka chotere sachedwa kugwidwanso ndi matenda ena, ndipo akagwidwa amafookerako. Motero kutsegula m'mimba kumabala kunyentchera, kunyentchera nakonso nkubala kutsegula m'mimba. Kudyetsa mwana wotere osasamala madzi ake kuli ngati kutungira mu mtsuko wobooka: mutha kupita kudambo tsiku lonse, koma madzulo mudzaupeza uli pamene udali m'mawa.

Choopsa china nchakuti mavuto awiriwa amabwera nyengo imodzi. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zapepuka, chimanga chakwera mtengo, ndipo mayi ali pa ganyu m'munda mwa eni kuyambira m'bandakucha, ndi pomwenso mvula imasefukira m'zitsime, zimbudzi nkugwa, udzudzu ndi ntchentche nkuchuluka. Mliri wa kolera umene udayamba m'boma la Machinga m'mwezi wa Malichi 2022, nufalikira m'maboma onse, nupha anthu oposa 1,700, udatikumbutsa ndi misozi chimene madzi oipa angachite; koma kolera imamveka pa wailesi, pamene kutsegula m'mimba kwa masiku onse, kumene timakupeputsa ponena kuti mwana akumera mano, kumadya ana mwakachetechete chaka ndi chaka.

Mwana akatsegula m'mimba, chimene chimapha msanga ndicho kutha kwa madzi m'thupi. Maso amalowa, pakamwa pamauma, ndipo liwombo limaphwa; ndipo liwombo lotere silifuna mankhwala omata pamutu, likufuna madzi olowera pakamwa. Paketi imodzi ya Thanzi ORS isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, mwana amwetsedwe pang'onopang'ono nthawi iliyonse akachita chimbudzi, alandire mapiritsi a zinki kwa masiku 10 kufikira 14, ndipo asaleke kuyamwa ndi kudya. Akachira apatsidwe chakudya chowonjezera kwa sabata ziwiri, kuti abweze chimene chidatayika. Kuyambira 2012 ana a m'dziko muno amalandiranso katemera wa madontho woteteza ku rotavirus, kachilombo kamene kamatsegulitsa m'mimba makanda koopsa.

Kuchokera ku gwero kufikira ku mtsuko

Pa nkhani yobweretsa madzi kumidzi dziko lathu lili ndi mbiri yoti tiziinyadira. M'chaka cha 1968 anthu a ku Chingale, kunsi kwa phiri la Zomba, adakumba okha ngalande ndi makasu awo, boma nilipereka mapaipi ndi amisiri, ndipo madzi a mumtsinje wa m'phiri adatsika mwa kulemera kwawo komwe, popanda injini kapena mafuta, kufikira pa mipopi ya m'midzi. Ntchito imeneyi idafalikira ku Mulanje ndi kumadera ena a mapiri, ndipo a maiko ena adabwera kudzaphunzira. Kumadera opanda mapiri, chithandizo chidachokera pansi pa nthaka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu, adayesa pampu yamanja yotchedwa Maldev, imene itakonzedwanso ku Kenya idasanduka Afridev, ndiwo mjigo umene lero uli m'midzi yambiri ya muno ndi ya maiko ena a mu Africa. Nzeru yake yaikulu idali yakuti anthu a pamudzi, amayi omwe, athe kuukonza okha: ndi sipanala imodzi amamasula kumutu, nasolola ndodo zachitsulo imodziimodzi popanda kuzula mapaipi olemera, nasintha timarabala totha, nabwezera zonse dzuwa lisanapendeke.

Muyeso wa boma ndi wakuti mjigo umodzi utumikire anthu 250, ndipo munthu asayende mtunda woposa mamita 500 kukatunga. Pofika 2015 ndi 2016, mabanja 85 mwa 100 alionse a kumidzi adali kutunga pa malo otetezedwa. Koma chiwerengero chotere sichinena za mjigo umene wakhala wakufa miyezi itatu chifukwa cha karabala ka mtengo wochepa, pamene komiti idamwazikana, ndalama za msonkhamsonkha zidalowa m'thumba la munthu mmodzi, ndipo amayi adabwerera kudambo kumene adachokera.

Sichinenanso za ulendo wa madzi kuchokera pa mjigo kufikira pakamwa pa mwana, umene uli ndi misampha yakeyake. Madzi otuluka pansi ali oyera amalowa m'ndowa yosatsukidwa. Pamwamba pake amaikapo masamba kuti asakhavukire. Zala zimaviikamo posenza ndi potula. Kunyumba amathiridwa mu mtsuko wosavundikira, mmene aliyense amapisamo kapu yomwe wamwera. Mankhwala ake ndi odziwika: chotungira chitsukidwe ndipo chikhale ndi chivundikiro; madzi akumwa athiridwe klorini kapena WaterGuard monga mwa muyeso wake ndi kudikira mphindi 30, kapena awiritsidwe mpaka kubwadamuka; ndipo pa mtsuko pakhale makapu awiri, ina yotungira, ina yomwera. Chimbudzi chikumbidwe kumunsi kwa chitsime, patali mamita osachepera 30, chikhale ndi chotsekera pa dzenje, ndipo pakhomo pake paime mpondagiya ndi sopo kapena phulusa. Chimbudzi cha khanda, chimene ambiri amachiyesa chosaopsa, chitayidwe m'dzenje momwemo.

Bwalo limene mwana amakwawapo

Pano tiyenera kunena chinthu chimene chidadabwitsa akatswiri omwe. M'maboma a Chirumanzu ndi Shurugwi ku Zimbabwe adachita kafukufuku wamkulu wotchedwa SHINE, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2019. Mabanja ena adawamangira zimbudzi zabwino, nawapatsa zosambira m'manja, sopo, klorini ndi malo otchingidwa oseweramo mwana. Ena adawapatsa chakudya chowonjezera cha mwana pamodzi ndi uphungu wa kadyetsedwe. Ana olandira chakudya adakulako msinkhu, koma zimbudzi ndi sopo pazokha sizidasinthe kupinimbira monga anthu adayembekezera. Tanthauzo lake si lakuti ukhondo ulibe ntchito, koma kuti dothi lozungulira mwana wa kumudzi ndi lochuluka koposa chimene chimbudzi cha banja limodzi chingatseke. Mwana wokwawa amatola chilichonse naika m'kamwa, dothi ndi zitosi za nkhuku zomwe. Mbuzi za mnansi sizidziwa malire a bwalo. Ndipo pamene madzi ali kutali, ndowa imodzi yosenzedwa ndi thukuta siingakwanire kumwa, kuphika, kutsuka mbale ndi kusamba m'manja kasanu pa tsiku. Phunziro lake ndi lakuti madzi ayenera kukhala oyera, ochuluka ndiponso apafupi, ziweto zigone m'khola lawo, ndipo ukhondo ukhale wa mudzi wonse, pakuti ntchentche yochokera kuseri kwa nyumba yopanda chimbudzi siipempha chilolezo polowa m'nyumba ya mwini chimbudzi.

Chiponde, mankhwala osafuna madzi

Kale mwana wonyentchera kwambiri adali kugonekedwa m'chipatala sabata zingapo, akumwetsedwa mkaka wosungunula m'madzi, umene sukadaperekedwa kumudzi chifukwa madzi oipa akadausandutsa poizoni. Mayi adali kusiya munda ndi ana ena, motero ambiri adali kuchedwa kubwera, kapena kuthawa mwana asanachire. Kusintha kudadza pamene dokotala wa ku France, André Briend, pamodzi ndi kampani ya Nutriset, adapanga mu 1996 chakudya cha mtedza wopera, mkaka waufa, shuga, mafuta ndi mavitamini, chimene muno timachitcha chiponde. Popeza mulibe madzi, tizilombo sitiswanamo, sichiphikidwa, sichisungunulidwa, mwana amangoyamwa kuchokera m'kapaketi ka magalamu 92. Dziko la Malawi lidali pakati pa malo oyamba kuonetsa kuti njirayi imathandiza: Dr. Mark Manary adayamba kuiyesa kuchokera pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ana akuchirira kunyumba kwawo, ndipo mu 2002, chaka cha njala yaikulu, mabungwe a Concern Worldwide ndi Valid International adaikhazikitsa m'midzi ya ku Dowa. Lero mwana amene akutha kudya ndipo alibe matenda ena aakulu amalandira chiponde kunyumba, nabwera kudzayezedwa pa masiku oikika. Okhawo okana kudya, otupa kwambiri kapena odwalika ndiwo amagonekedwa.

Ziwiri ziyenera kukumbukiridwa. Chiponde ndi mankhwala a mwana mmodzi amene adalembedwa, ndipo kugawira abale ake kapena kuchigulitsa pamsika ndiko kuba moyo wake. Ndiponso chimachititsa ludzu, kotero kuti mwana wochidya amamwa madzi ambiri. Madziwo akakhala oipa, matenda amene tidawatulutsa pakhomo adzalowanso pa mtsuko.

Ntchito ya mudzi wonse

Mutu umodzi susenza denga, ndipo nkulakwa kusenzetsa mayi yekha katundu yense amene tafotokozayu. Bambo ndiye kawirikawiri amalamula kuti matumba angati a mtedza agulitsidwe ndi angati atsale, ndiye amakumba chimbudzi ndi kumanga khola, ndipo njinga yake ingathe kunyamula zigubu zimene zikadathyola msana wa mkazi woyembekezera. Agogo aakazi, amene mawu awo amalemera koposa a mlangizi pa nkhani ya makanda, akamvetsa chifukwa chake mwana sapatsidwa madzi asanakwane miyezi 6, nyumba yonse imamvera. Ndipo nyakwawa ili ndi mphamvu imene bungwe lililonse lochokera kutali lilibe: kuika lamulo lakuti pasakhale khomo lopanda chimbudzi, kuonetsetsa kuti komiti ya mjigo imawerenga ndalama zake pabwalo anthu onse akumva, ndi kuletsa ziweto kumwera pa mjigo. Mfumu imene ifuna kudziwa ngati ana a m'mudzi mwake adzadutsa bwino dzinja likudzali isadikire kumva kuchipatala. Iwerenge masiku amene mjigo udakhala wakufa chaka chino, ifunse ngati timarabala tosinthira tidagulidwa mvula yoyamba isanagwe, ndipo iyendere makomo a ana osakwana zaka ziwiri kuona ngati mtedza ndi nyemba zowasungira zilipo.